Kodi wophunzira angagwiritse ntchito AI mpaka pati polemba kafukufuku wake womaliza?

mwana_wa_mlimi

Moni nonse, makamaka aphunzitsi ndi ena amene mudadutsa kale m'njira imene ndikuyendamo. Ndine mtsikana wa chaka chachinayi kuyunivesite, ndikuphunzira zachuma pa ulimi, ndipo kafukufuku wanga womaliza akuunika mmene pulogalamu ya feteleza ndi mbewu zotsika mtengo yafikira mabanja oyendetsedwa ndi amayi m'boma la Dowa, kuchokera nthawi ya makuponi kufikira nthawi ino imene alimi amagula ndi chiphaso chaunzika.

M'kalasi mwathu pafupifupi aliyense ali ndi chida cha AI pafoni, ndipo ambiri amachigwiritsa ntchito mwakabisira, chifukwa sakudziwa bwinobwino pamene chithandizo chololedwa chimathera ndi pamene kubera kumayambira. Ine sindikufuna kubera, komanso sindikufuna kukana chida chimene chingandithandize kugwira ntchito yabwino. Chimene chandichititsa kufunsa ndi ichi: nditapempha chida china kuti chinditchulire zolemba za akatswiri pa mutu wanga, chinandipatsa mndandanda wooneka bwino kwambiri, wokhala ndi mayina a anthu amene timawawerenga m'kalasi, zaka, ngakhalenso manambala a masamba. Zina mwa zolembazo ndinazipeza mosavuta pa Google Scholar, tsamba lofufuzira zolemba za akatswiri, koma zina sindinazipeze kulikonse, ngakhale kuti mayina a olembawo ndi a anthu enieni.

Ndiye chonde ndiunikireni. Kodi chida chotere chikhale pamalo ati pakati pa laibulale, Google Scholar ndi ziwerengero za boma? Kodi ndingachipatse mawu amene ndinajambula pocheza ndi alimi kuti chindilembere ndi kuwamasulira m'Chingerezi, popeza ntchito imeneyi ikundidyera nthawi yambiri? Ndipo chikandikonzera Chingerezi changa, kodi makina ozindikira zolemba za AI sadzandiyesa wakuba?

wa_ku_laibulale

Achemwali, zimene mwakumana nazozo si ngozi ya tsiku limodzi, koma ndi mmene zida zimenezi zidapangidwira. Ine ndimagwira ntchito m'laibulale ya sukulu yaukachenjede, ndipo kuyambira mu 2023 ophunzira akhala akubwera patebulo langa ndi mitu ya zolemba zimene palibe munthu adazilembapo, akuganiza kuti vuto ndi kuchepa kwa mabuku athu.

Chida choterechi chilibe kabati ya mabuku imene chimatsegula mukachifunsa. Chidaphunzitsidwa ndi mawu ochuluka zedi ochokera pa intaneti ndi m'mabuku, ndipo luso lake ndi kulosera liwu limene likuyenera kutsatira mawu amene alipo kale. Choncho mukachifunsa za feteleza wotsika mtengo m'Malawi, chimazindikira kuti pa nkhani imeneyi dzina la katswiri Chirwa limakonda kuyenda ndi la katswiri mnzake Dorward, kuti pambuyo pa mayina pamabwera chaka, ndi kuti pambuyo pa chaka pamabwera mutu ndi dzina la magazini ya kafukufuku. Chimalumikiza zonsezi mwaluso, ndipo chotulukapo chimaoneka chenicheni ngakhale pamene pepala loterolo kulibe padziko lonse. Choopsa kwambiri n'chakuti chimayankhula motsimikiza mofanana pamene chikunena zoona ndi pamene chikupeka.

Zimenezi zidagwetsapo anthu ophunzira kwambiri. Mu 2023, pa mlandu wa Roberto Mata ndi kampani ya ndege ya Avianca ku New York, maloya adapereka kukhoti chikalata chotchula milandu 6 imene ChatGPT adapeka. Mmodzi wa maloyawo adachifunsa chidacho ngati milanduyo inali yeniyeni, ndipo icho chidavomera. Mu Juni chaka chomwecho woweruza P. Kevin Castel adawalipiritsa chindapusa cha madola 5,000. Mfundo imene ndikufuna muitenge pa mlandu umenewu ndi yakuti kufunsa chida chomwecho kuti chitsimikize mawu ake si kutsimikiza ayi. Kutsimikiza kumachitikira kunja kwa chidacho.

Njira yake ndi yosavuta ngakhale imafuna kudekha. Lembani mutu wonse wa pepalalo pa Google Scholar. Ngati mwapatsidwa nambala ya DOI, imene ndi nambala yozindikirira pepala la kafukufuku pa intaneti, iikeni pa doi.org ndipo muone ngati ikukufikitsani ku pepala lomwelo, la olemba omwewo, chifukwa nthawi zina nambalayo imakhala yeniyeni koma ya pepala lina losagwirizana ndi nkhani yanu. Mukalipeza pepalalo, litseguleni ndi kupeza ndi maso anu tsamba limene lili ndi mfundo imene mukufuna kuigwiritsa ntchito. Ndikunenetsa zimenezi chifukwa masiku ano zida zambiri zimafufuza pa intaneti ndi kupereka malinki, ndipo zina, monga Elicit ndi Consensus, zidapangidwira ofufuza. Zimenezi zachepetsa vuto la mapepala opeka, koma vuto lina latsala, lakuti pepala limakhalapo ndithu koma silinena zimene chidacho chati likunena.

Pa mutu wanu pali msampha wina umene ndikufuna muudziwe. Pulogalamu yathu, imene idayamba m'nyengo ya ulimi ya 2005/06, imadziwika ndi chidule chakuti FISP, kuimira Farm Input Subsidy Programme. Ku Zambia kulinso pulogalamu ya chidule chomwecho, koma kumeneko chikuimira Farmer Input Support Programme, ndipo kayendetsedwe kake, kasankhidwe ka alimi ndi kuchuluka kwa matumba n'zosiyana ndi zathu. Chida cha AI chikhoza kukusakanizirani ziwirizi m'ndime imodzi popanda kukuchenjezani. Chikhozanso kusakaniza FISP ndi Affordable Inputs Programme, imene idalowa m'malo mwake mu 2020/21, pamene thumba la makilogalamu 50 linkagulidwa pa K4,495, kapenanso ndi pulogalamu yakale ya feteleza ndi mbewu yotchedwa Starter Pack ya 1998. Munthu amene sadawerenge sangaone pamene zasakanikirana, ndipo n'chifukwa chake kuwerenga kuyenera kubwera poyamba.

Mukadakhala patebulo langa ndikadakuyambitsirani pa buku la malemu Professor Ephraim Chirwa ndi Andrew Dorward lonena za pulogalamu ya ku Malawi, limene Oxford University Press idatulutsa mu 2013 ndipo limapezeka mwaulere pa intaneti. Pa nkhani ya amayi pali pepala la Monica Fisher ndi Vongai Kandiwa la mu 2014, m'magazini ya Food Policy, limene likufunsa ngati makuponi adachepetsa kusiyana kwa amuna ndi akazi pa kubzala chimanga chamakono. Mukapeza zolemba zenizeni ziwiri kapena zitatu zotere, tsatani mapazi ake mbali zonse: kumapeto kwa pepala lililonse kuli mndandanda wokubwezerani ku zolemba zakale, ndipo pa Google Scholar pali pamene padalembedwa kuti Cited by, pamene pamakuonetsani amene adaligwiritsa ntchito pambuyo pake. Mapepala ofuna ndalama musawasiye msanga, chifukwa Malawi ali m'gulu la mayiko amene masukulu awo olembetsa amawerenga mwaulere kudzera mu Research4Life, ndipo gawo lake la zaulimi, AGORA, limene limayendetsedwa ndi FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, lili ndi magazini ambiri amene mukuwafuna. Funsani a kulaibulale yanu mmene mungalowere. Onaninso African Journals Online ndi zolemba za ofesi ya ku Lilongwe ya IFPRI, bungwe lofufuza za ndondomeko za chakudya. Pa ziwerengero pitani kugwero lake, ku National Statistical Office ya ku Zomba, imene idachita kafukufuku wa m'mabanja wotchedwa Integrated Household Survey mu 2010/11, 2016/17 ndi 2019/20, ndipo mafayilo ake amapezeka pa tsamba la World Bank mukalembetsa.

Palinso chuma china chimene AI sidachionepo n'komwe, chifukwa sichili pa intaneti: malipoti a ku ofesi ya zaulimi ya boma lanu, mabuku amene alangizi amasunga ku maofesi a zaulimi a m'madera (EPA), ndi mapepala a ophunzira akale amene ali pamashelefu. Pa kafukufuku wa ku Dowa, zimenezi zikhoza kukhala zamtengo wapatali kuposa pepala lililonse lochokera kunja.

Nanga chidacho chithandize pati? Ine ndimawauza ophunzira kuti achifunse mawu ena ofufuzira, popeza mutu umodzi umalembedwa m'njira zambiri, ndipo m'zaka zoyambirira pulogalamu yathu yomweyi inkatchedwanso Agricultural Input Subsidy Programme. Achifunsenso kuti chiwafotokozere m'mawu osavuta njira yowerengera imene yawakanika m'pepala limene ali nalo m'manja, kenako abwerere ku pepalalo kuti aone ngati tsopano likumveka. Mndandanda wa zolemba wokha usatuluke m'chidacho. Usungeni mu Zotero, pulogalamu yaulere ya pakompyuta yosungira mndandanda wa zolemba, ndipo muziikamo zokhazo zimene mwazitsegula.

mphunzitsi_wa_zachuma

Ndikugwirizana ndi zonse zimene amayi a kulaibulale anena, koma monga munthu amene amayang'anira kafukufuku wa ophunzira chaka ndi chaka, ndikufuna kuwonjezera chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kuposa mapepala opeka. Pepala lopeka ndimaligwira msanga. Chovuta kugwira ndi mutu wachiwiri wa kafukufuku umene zolemba zake zonse ndi zenizeni, Chingerezi chake n'chosalala, koma wophunzirayo sadawerenge ngakhale limodzi, wangolumikiza zidule zimene chida chidamupatsa.

Ndipereke chitsanzo cha pa mutu wanu womwewu, achemwali. Aliyense amene adawerenga mofatsa za FISP amadziwa kuti akatswiri sadagwirizane pa zinthu zikuluzikulu. Chiwerengero cha mabanja a alimi chimene Unduna wa Zaulimi unkagwiritsa ntchito chinali chokwera kuposa chimene National Statistical Office inkapeza, ndipo ofufuza ena adakayikira ngati zokolola za chimanga zidakweradi kufika pamene malipoti a boma ankanena. Jacob Ricker-Gilbert, Thomas Jayne ndi Ephraim Chirwa adasonyeza mu 2011 kuti kilogalamu imodzi ya feteleza wa makuponi inkachepetsa feteleza amene alimi akadagula okha ndi magalamu pafupifupi 220, ndi kuti kuchepako kunali kwakukulu pakati pa alimi opezako bwino. Mikangano yotereyi ndiyo mtima wa nkhani, ndipo funso lanu la amayi a ku Dowa liyenera kubadwira pakati pake. Koma chidule cha AI chimakonda kusalaza zonse, n'kukupatsani ndime yakuti pulogalamuyi inali ndi ubwino wake ndi zovuta zake, imene ndi yoona koma yosathandiza aliyense. Wophunzira amene wadalira chidule chotere amaima njii pa tsiku loteteza kafukufuku wake, ndikamufunsa kuti pakati pa ziwerengero ziwirizi iye akukhulupirira chiti, ndi chifukwa chiyani.

Kulemba waganyu kuti akuthandizeni kupalira si kulakwa, koma munda umakhala wanu pokhapokha ngati mukudziwa chimene chidabzalidwa mumzere uliwonse. Kusankha funso, kuyeza umboni, kuona pamene akatswiri akutsutsana ndi kunena mbali imene mwaima, zimenezi ndizo digiri yanu ikuchitira umboni kuti mumatha, ndipo sizingaperekedwe kwa wina.

Pali kagwiritsidwe ntchito kamodzi kamene ndimakalimbikitsa kwambiri. Mukalemba nokha mfundo yanu, ipatseni chidacho ndipo muchiuze kuti chikutsutseni ngati mphunzitsi wovuta, chikuonetseni pamene umboni wafooka ndi mafunso amene simudawayankhe. Zina zimene chinganene zikhala zopanda pake, ndipo kuzindikira zopanda pakezo ndi phunzironso palokha, koma zina zikutumizani kulaibulale ndi funso lakuthwa kuposa limene munali nalo.

Pa nkhani ya kubisa, dziko la akatswiri lidaonetsa kale njira. Kumayambiriro kwa 2023 magazini ya Nature idalengeza kuti chida cha AI sichingalembedwe ngati mmodzi wa olemba pepala, chifukwa sichingayankhepo pa zolakwika, ndi kuti amene wachigwiritsa ntchito afotokoze m'pepalamo mmene wachigwiritsira ntchito. Bungwe la COPE, limene limaona za chilungamo pa kusindikiza kafukufuku, lidanenanso chimodzimodzi mu Febuluwale chaka chomwecho, ndipo mu Seputembala UNESCO idatulutsa malangizo ake okhudza zida zimenezi pa maphunziro ndi kafukufuku. Komabe lamulo limene lidzakuweruzeni ndi la sukulu yanu ndi dipatimenti yanu. Choncho lemberani kalata yaifupi pa imelo aphunzitsi amene akukuyang'anirani, muwauze ntchito zenizeni zimene mukufuna chidacho chikuthandizeni, ndipo musunge yankho lawo.

Za makina ozindikira zolemba za AI, nkhawa yanu ndi yomveka. Kampani ya OpenAI, imene idapanga ChatGPT, idatseka makina ake oterewa mu Julayi 2023 chifukwa ankalakwitsa kwambiri. Chaka chomwecho ofufuza a ku Stanford adayesa makina 7, ndipo adapeza kuti nkhani zoposa theka za pa mayeso a Chingerezi otchedwa TOEFL, zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho, zidaweruzidwa kuti ndi za AI, pamene nkhani za ana asukulu a ku America zidazindikirika molondola pafupifupi zonse. Chifukwa chake n'chakuti makinawa amakayikira mawu osavuta ndi ziganizo zoyenda m'njira yozolowereka, mmene ambirife tidaphunzirira kulemba. Mu 2025 University of Cape Town idalengeza kuti isiya kuwagwiritsa ntchito. Ine ndimaona kuti si chilungamo kuweruza wophunzira ndi nambala ya makinawa yokha. Koma popeza simudziwa amene adzawerenge ntchito yanu, dzitetezeni ndi umboni wa ulendo wanu: sungani zolemba zoyamba ndi madeti ake osazifufuta, sungani kope limene mumalembamo powerenga, ndipo mapepala amene mwawerenga akhale ndi mizere yanu. Wophunzira amene angandionetse zimenezi ndi kundifotokozera ndime iliyonse ndi pakamwa sindingamukayikire.

wofufuza_zaumoyo

Ine ndiyankhepo pa funso lachiwiri lokha, la mawu amene mudajambula, chifukwa kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri ndi wocheza ndi anthu m'midzi, ndipo pamenepa ndikupemphani, achemwali, kuti musafulumire.

Tengani fomu yachilolezo imene mudawawerengera amayiwo musanayatse chojambulira, ndipo muiwerengenso. Mosakayika mudawalonjeza kuti mawu awo adzasungidwa mwachinsinsi, ndi kuti adzawamva ndinu ndi aphunzitsi anu okha. Mukatumiza mawuwo ku chida cha pa intaneti, amapita ku makompyuta a kampani ya kunja kwa dziko, ndipo zida zambiri zaulere zimatha kugwiritsa ntchito zimene mwalowetsamo pophunzitsira makina awo ngati simudazimitse zimenezo nokha. Amayi aja sadavomere zimenezi. Ganiziraninso zimene zimatuluka pa macheza a nkhani ya feteleza: mayi amatchula dzina la mfumu imene idalemba abale ake okha, amanena za kalaliki amene ankafuna kangachepe, amaulula kuti thumba lake adagawana ndi mabanja ena kapena adaligulitsa kuti agule chimanga. Mawu oterewa akhoza kumuika munthu m'mavuto pamudzi, ndipo kuchotsa dzina lake lokha sikokwanira ngati dzina la mudzi, la mfumu ndi chiwerengero cha ana ake zatsalamo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu payekha, Data Protection Act ya 2024, ndipo makomiti oona za chilungamo pa kafukufuku, kaya ya pasukulu panu, kaya ya National Commission for Science and Technology, amavomereza ndondomeko imene mudawalembera, osati ina imene mwaiganizira pambuyo pake. Ngati mukufunadi kusintha kasungidwe ka mawuwo, kabwerereni kukomiti imene idakulolani.

Ngakhale chinsinsi chikadakhala kuti si vuto, ntchitoyo siingatuluke bwino. Zida zimenezi zidaphunzira Chingerezi chochuluka ndi Chichewa chochepa, ndiponso Chichewa chochepacho n'cha m'mabuku ndi m'nyuzi, osati cha mayi amene akuyankhula pakhonde, mwana akulira kumsana, akuzungulira nkhani mwaulemu chifukwa akuopa kutchula munthu. Pamene makina sadamve bwino sasiya mpata, amaikapo mawu omveka bwino amene mayiyo sadanene. Inu mudalipo, mukukumbukira pamene adaseka, pamene adatsitsa mawu ndi pamene adayang'ana kumbali asanayankhe. Kulemba nokha kumatopetsa, ndikudziwa, koma pomvetsera kachiwiri ndi kachitatu ndi pamene mitu ya zotsatira zanu imayamba kuoneka, motero nthawiyo simukuitaya.

Pa ziwerengero malangizo anga ndi ofanana nawo. Musalowetse fayilo ya mayankho a anthu m'chidacho, ndipo musachipemphe kuti chikuwerengereni m'mawu, chifukwa chikhoza kukupatsani nambala yooneka yoyenera imene sichidaiwerengere. Chimene chimachita bwino ndi kukuthandizani kulemba malamulo a mapulogalamu owerengera monga Stata, SPSS kapena R, kapena kukufotokozerani chifukwa chimene pulogalamuyo ikukanira. Chiuzeni mayina a magawo a fayilo yanu popanda mayankho enieni, ndipo malamulo amene chakupatsani muwayese kaye pa mabanja ochepa amene mungathe kuwawerengera nokha papepala, kuti muone ngati zikufanana.

wa_chaka_chachitatu

Ndikuthokoza akuluakulu chifukwa cha malangizowa, ndipo sindikutsutsa ngakhale limodzi, koma ndikupempha kuti mbali ya ophunzira imvekenso. Mphunzitsi mmodzi amayang'anira ophunzira ambiri pamodzi ndi kuphunzitsa makalasi akuluakulu, choncho mpata wokhala naye pansi ndi wochepa. Wophunzira wochokera ku sekondale yoyendera, amene adayamba kugwira kompyuta atafika kuyunivesite, amachita manyazi kufunsa m'kalasi chinthu chimene anzake akuoneka kuti akuchidziwa. Kwa munthu woteroyo, chida chimene chimamufotokozera tanthauzo la mawu a ziwerengero monga p-value mobwerezabwereza osatopa, usiku pamene laibulale yatsekedwa, si chinthu chaching'ono. Mantha anga ndi akuti nkhani ikamakambidwa ngati ya kubera kokha, ophunzira oona mtima amasiya chithandizo chimene akadapindula nacho, pamene amene alibe nazo ntchito amapitiriza mwakabisira.

Palinso kusiyana kwa m'thumba. Zida zamphamvu zimafuna ndalama, mwachitsanzo ChatGPT Plus ndi madola 20 pamwezi, ndipo wophunzira amene amawerengera bandulo yake ya intaneti sangayerekeze n'komwe. Ndikadakonda dipatimenti iliyonse ikadalemba papepala limodzi zimene zili zololedwa pa ntchito iliyonse, ndi kutiphunzitsa tonse pamodzi kufufuza mmene amayi a kulaibulale afotokozera, m'chaka choyamba osati chomaliza.

mwana_wa_mlimi

Zikomo kwambiri nonse. Mawu a amayi a ku Dowa ndilemba ndekha, ndipo za msampha wa FISP ya ku Zambia ndayamba kale kuunikanso ndime zanga. Aphunzitsi, ndatsala ndi funso limodzi. Ndimaganiza m'Chichewa ndipo ndikamalemba Chingerezi ziganizo zanga zimatalika ndi kusokonekera. Kodi malire ali pati pakati pa kukonzetsa chiyankhulo ndi kulembetsa ntchito? Ndipo kuulula kumene mwanenako ndikulembe motani, pamalo ati m'pepala langa?

mphunzitsi_wa_zachuma

Poyamba ndivomereze pempho la achimwene a chaka chachitatu, chifukwa ndi loona: udindo wolemba malamulo omveka ndi wathu aphunzitsi, ndipo wophunzira sayenera kuchita kulota chimene tikufuna.

Pa funso lanu, achemwali, malire amene ine ndimagwiritsa ntchito ndi awa, malinga ngati aphunzitsi anu avomereza. Ndime iyambe yalembedwa ndi inu yonse, mfundo zake, umboni wake ndi dongosolo lake. Mukatero musachiuze chidacho kuti chilembenso ndimeyo bwino, chifukwa chikatero chimasintha mawu ambiri, chimawonjezera mfundo zimene simudanene, ndipo kawirikawiri chimakuza zotsatira zanu, mwakuti pamene inu mudalemba mosamala kuti zikuoneka kuti amayi ambiri amene mudacheza nawo adagawana feteleza, icho chimalemba ngati mwatsimikiza za boma lonse. M'malo mwake chiuzeni kuti chikulozereni zolakwika za galamala ndi ziganizo zosamveka, chifotokoze chifukwa chake, ndipo kukonzako muchite nokha. Njira imeneyi ndi yochedwa, koma mukafika mutu wachinayi mudzaona kuti zolakwika zimene munkabwereza m'mutu woyamba zachepa, ndipo mawu a m'pepalamo adzakhala amene mungathe kuwayankhula pamaso pa oyesa. Mawu a alimi amene mwawamasulira musawapereke kuti akonzedwe, asiyeni mmene mwawamasulira, ndipo ngati n'kotheka mnzanu wodziwa bwino ziyankhulo zonse ziwiri awafananize ndi Chichewa chake, mayina ndi midzi mutachotsa.

Kuululako kukhale ndime yaifupi m'mutu wofotokoza njira za kafukufuku, kapena pa tsamba loyamikira ngati dipatimenti yanu imafuna choncho. Tchulani dzina la chidacho ndi mtundu wake, miyezi imene mudachigwiritsa ntchito, ndi ntchito zake imodzi ndi imodzi, monga kupeza mawu ofufuzira, kufotokozera njira yowerengera, kukonza malamulo a Stata ndi kuloza zolakwika za galamala. Nenaninso zimene simudachipatse, makamaka mawu ojambulidwa ndi mayankho a anthu, ndipo mutsirize ndi chiganizo chakuti zolemba zonse zimene mwatchula mudaziwerenga nokha ndi kuti udindo wa zonse zili m'pepalamo ndi wanu. Kalembedwe ka APA, kamene ndi ndondomeko yotchulira zolemba m'kafukufuku, kali ndi njira yotchulira chida cha AI m'mndandanda wa zolemba, koma igwiritseni ntchito pokhapokha pamene yankho la chidacho ndilo mukulikambirana. Mfundo ya feteleza itsamire pa pepala kapena lipoti limene idachokera. Macheza anu ndi chidacho asungeni mu fayilo imodzi, ndipo popita kukaonana ndi aphunzitsi anu ndi mutu wachiwiri, mutenge fayiloyo pamodzi ndi ndime yoululayo kuti aione isanalowe m'pepala lomaliza.